Kodi Kuyeretsa Wolakwa ndi Chifundo? Yang Kang m'Buku ndi pa Kanema

Pali nkhani zina zimene mtundu wa anthu sutopa kuzifotokoza. Mbadwo uliwonse umazitola, n'kuzisansa fumbi, n'kuzisimbanso m'mawu a nthawi yake. Kwa anthu olankhula Chitchaina, imodzi mwa nkhani zoterezi ndi buku la Jin Yong lotchedwa She Diao Ying Xiong Zhuan, limene m'Chingerezi limadziwika kuti The Legend of the Condor Heroes. Jin Yong, yemwe dzina lake lenileni linali Louis Cha, anabadwira ku Haining m'chigawo cha Zhejiang mu 1924 ndipo anamwalira ku Hong Kong mu 2018. Nkhaniyi inkatuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya Hong Kong Commercial Daily kuyambira mu 1957 mpaka 1959. Kuchokera nthawi imeneyo yasandutsidwa sewero la pa wailesi yakanema kambirimbiri. Odziwika kwambiri ndi masewero awiri a kampani ya TVB ya ku Hong Kong, la 1983 ndi la 1994, komanso atatu opangidwa ku China mu 2003, 2008 ndi 2017.

Okonda masewerowa akakumana, mkangano suchedwa kubuka. Wina amati palibe amene angafanane ndi Barbara Yung wa mu 1983. Wina amati sewero la 2003 ndilo linaonetsa kukula kwa dziko limene nkhaniyi imachitikiramo. Achinyamata amakondera la 2017. Mikangano yotere ndi yokoma ndithu, koma kawirikawiri imathera pa nkhope, nyimbo ndi zovala. Ife tikufuna kuika masewerowa pa sikelo ina. Tikufuna kuona zimene sewero lililonse linachita ndi mnyamata wolakwa wa m'nkhaniyi, Yang Kang, pakuti pamenepo ndi pamene pagona funso lotikhudza tonse: wofotokoza nkhani akamupeputsira wolakwa mlandu wake, kodi wachita chifundo, kapena wanama?

Kuti funsoli limveke, tiyenera kuyamba ndi nkhani yeniyeniyo. Mu 1127 asilikali a ufumu wa Jin analanda mzinda wa Kaifeng, likulu la ufumu wa Song, n'kutenga ukapolo mafumu awiri, Huizong ndi Qinzong. Tsoka limeneli limatchedwa Jingkang. Patapita zaka zambiri, m'kamudzi kena pafupi ndi Lin'an, womwe lero ndi mzinda wa Hangzhou, munali amuna awiri amene anapangana ubale wa lumbiro: Guo Xiaotian ndi Yang Tiexin. Akazi awo onse anali oyembekezera. Wansembe wa chipembedzo cha Tao, Qiu Chuji, anagawa dzina la tsoka lija pawiri, kuti mwana wina adzakhale Jing ndipo winayo adzakhale Kang, n'cholinga choti asadzaiwale manyazi a dziko lawo. Koma kalonga wina wa ku Jin, Wanyan Honglie, anasirira Bao Xiruo, mkazi wa Yang Tiexin, amene anamupulumutsa atavulala. Kalongayo anakonza chiwembu mobisa: asilikali anaukira mabanja awiriwo, Guo Xiaotian anaphedwa, ndipo Yang Tiexin anayesedwa wakufa. Li Ping, mkazi wa Guo, anakaberekera m'chipululu cha Mongolia, kumene Guo Jing anakulira pakati pa anthu a Temujin, amene pambuyo pake anatchedwa Genghis Khan. Bao Xiruo, posadziwa amene anapasula banja lake, anakwatiwa ndi kalonga uja, ndipo Yang Kang anakulira m'nyumba yachifumu akudziyesa mwana weniweni wa kalongayo.

Ana awiriwa anasandukanso mpikisano wa aphunzitsi. Qiu Chuji anapangana ndi akatswiri asanu ndi awiri a luso lomenyana a ku Jiangnan, otsogozedwa ndi Ke Zhen'e yemwe anali wosaona, kuti iye akafunafuna mwana wa Yang, iwo mwana wa Guo, ndipo pakatha zaka 18 anyamatawo adzayesane mphamvu ku Jiaxing. Guo Jing anali wochedwa kumva; chimene mnzake akanachigwira tsiku limodzi, iye ankachibwereza kwa miyezi. Yang Kang anali wochenjera, wooneka bwino, wodziwa kulankhula. Akulu athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo Jin Yong anamanga buku lake lonse pa choonadi chimenechi.

M'bukumo Yang Kang sakhala woipa tsiku limodzi. Atamva kuti bambo wake womubala ndi Yang Tiexin, munthu wosauka woyendayenda, amakana kukhulupirira, ndipo makolo ake onse awiri amafa iye akuona. Pambuyo pake amapangana ubale ndi Guo Jing n'kulonjeza kubwezera, koma mpata ukapezeka amathawitsa Wanyan Honglie. Amabaya Guo Jing ndi mpeni. Amapha Ouyang Ke mwachinyengo, kenaka n'kudzipereka kukhala wophunzira wa Ouyang Feng, amene sankadziwa kuti yemwe akumulandirayo ndi amene anapha mwana wake. Amayesa kulanda utsogoleri wa gulu la opemphapempha ndi ndodo yosakhala yake. Pa chilumba cha Taohua amathandiza Ouyang Feng kupha aphunzitsi a Guo Jing, n'kusiya zizindikiro zabodza kuti mlandu ugwere bambo wa Huang Rong, mtsikana amene Guo Jing ankamukonda. Pomaliza, m'kachisi wina ku Jiaxing, Huang Rong akuulula zonsezi, Yang Kang amamumenya kuti amutseke pakamwa, koma dzanja lake limalasidwa ndi minga ya chovala chodzitetezera chimene mtsikanayo anavala mkati. Pa mingayo panali ululu wa njoka umene unasiyidwa ndi mmodzi mwa aphunzitsi aja asanafe. Choncho ululu umene Yang Kang anathandiza kufalitsa ndi umene unamubwerera. Amafa mozunzika, wosalapa, ndipo mtembo wake umadyedwa ndi akhwangwala.

Tsopano tione zimene kanema anachita naye. Sewero la 1983, la zigawo 59, linapangidwa makamaka m'nyumba zojambuliramo, ndi miyala ndi mapanga ochita kupanga, koma linagwira mitima ya anthu kuposa ena onse, ndipo nyimbo zake zoimbidwa ndi Roman Tam ndi Jenny Tseng zimakumbukiridwabe. Felix Wong anali Guo Jing, Barbara Yung anali Huang Rong, ndipo Michael Miu anali Yang Kang. Olemba sewerolo anawonjezera zambiri zimene m'buku mulibe, ndipo anakulitsa chikondi cha Yang Kang ndi Mu Nianci, mtsikana amene Yang Tiexin anamulera. Zoipa za Yang Kang sanazichotse, koma anaziveka nkhope yokongola ndi mtima wodziwa kukonda mkazi mmodzi, kotero kuti oonera ambiri anayamba kumumvera chisoni.

Sewero la 1994, limene Julian Cheung anali Guo Jing, Athena Chu anali Huang Rong ndipo Gallen Lo anali Yang Kang, linali lalifupi ndipo linayenda pafupi ndi buku kuposa la 1983. La 2003, lokonzedwa ndi Zhang Jizhong, linatuluka m'nyumba zojambulira n'kupita ku madambo enieni a Inner Mongolia ndi ku chilumba chenicheni cha Taohua ku Zhoushan. Linkafuna kuti woonera amve kulemera kwa mbiri ya mafuko atatu olimbana, a Song, a Jin ndi a Mongol, ndipo Yang Kang wa Zhou Jie anali munthu wong'ambika pakati pa magazi ndi kuleredwa. La 2017 linatenga achinyamata osadziwika kwenikweni, Yang Xuwen, Li Yitong ndi Chen Xingxu, linatamandidwa chifukwa chobwerera ku buku, ndipo linatsegula ndi nyimbo ya mu 1983 ngati kulemekeza amene analitsogolera.

Limene linapita patali ndi la 2008, lomwe Hu Ge anali Guo Jing, Ariel Lin anali Huang Rong ndipo Yuan Hong anali Yang Kang. M'seweroli Yang Kang anapatsidwa malo aakulu pafupifupi ofanana ndi a Guo Jing. Olemba anamuunjikira zifukwa: kunyozedwa, kusakhulupiriridwa ndi amene anayenera kumulandira, ndi mabala a mumtima amene amamukankhira ku zoipa. Ndipo pamapeto anasintha chinthu chachikulu. Yang Kang ameneyu amalapa, amavomereza zolakwa zake, n'kulandira imfa m'manja mwa Ouyang Feng monga malipiro a magazi amene anakhetsa.

Tisafulumire kuweruza olemba sewero la 2008, chifukwa mbali yawo ili ndi mfundo zolemera. Yang Kang sanasankhe kubadwira m'bodza. Kwa zaka 18 Wanyan Honglie anamulera ndi chikondi chenicheni cha bambo. Mayi wake ankadziwa dzina lake lenileni koma anakhala chete. Mphunzitsi wake nayenso ankadziwa, koma sanamuuze. Ndiyeno tsiku limodzi anthu achilendo akumuuza kuti avule zonse zimene ali, adane ndi munthu amene anamunyamula ali khanda, ndipo akonde bambo amene sanamuonepo. Ndani wa ife angalumbire kuti akanakhoza mayeso otere? Ngakhale Jin Yong mwiniwake sanaone buku lake ngati mwala wosasunthika. Analikonzanso m'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo pokonza koyambako anachotsa mtsikana wina, Qin Nanqin, amene poyamba anali mayi wa mwana wa Yang Kang, n'kupereka udindo umenewo kwa Mu Nianci. Ngati wolemba anasintha, wokonza sewero angaletsedwe bwanji?

Sitikumuletsa. Kusintha pakokha si mlandu. Zovala zikhoza kusintha, zochitika zikhoza kufupikitsidwa, ndipo nkhope yatsopano ikhoza kutionetsa chimene sitinachione powerenga. Koma pali kusiyana pakati pa kumvetsa wolakwa ndi kumuyeretsa. Kumvetsa kumatiuza mmene munthu anafikira pamphambano. Kuyeretsa kumatiuza kuti panalibe mphambano. Ndipo buku la Jin Yong linalembedwa mwadala kuti litsutse maganizo achiwiriwa, chifukwa linaika pambali pa Yang Kang mnyamata wina amene anakumana ndi mayeso ofanana.

Guo Jing nayenso anakulira kwa eni. Genghis Khan anamukonda, anamupatsa udindo wotsogolera asilikali, ndipo anamulonjeza mwana wake wamkazi, Huazheng. Tolui, mwana wa Khan, anali m'bale wake wa lumbiro. Koma Khan atamulamula kuti akaukire dziko la Song, Guo Jing anakana, ndipo mayi wake Li Ping anadzipha kuti mwana wake asakakamizidwe chifukwa cha iye. Guo Jing anataya ulemerero, chibwenzi ndi mayi pa tsiku limodzi. Zimene Yang Kang anaopa kutaya, mnzakeyo anazitayadi. Sewero likanena kuti Yang Kang analibe chochita, limachepetsa nsembe ya Guo Jing, pakuti ngati kusankha zabwino kunali kosatheka kwa wina, ndiye kuti kwa mnzakeyo unali mwayi chabe.

Palinso ena amene amalipira chifundo chimenechi: akufa. Zhu Cong, Han Baoju, Nan Xiren ndi Quan Jinfa anasiya kwawo n'kukakhala zaka zambiri m'chipululu kuti alere mwana wa munthu amene sankamudziwa n'komwe, ndipo Han Xiaoying anadzipha ataona abale akewo ataphedwa. Kanema ali ndi chizolowezi chimodzi choopsa. Amakhalitsa pa nkhope ya wolakwa akulira, nyimbo yachisoni ikulira pansipansi, pamene ophedwa amangoonekera kamphindi n'kuiwalika. Misozi ya woonera ili ndi malire. Ikathera pa wakupha, ophedwa amatsala opanda wowalira. Zimenezi timaziona ngakhale kunja kwa kanema, pamene mlandu wa munthu wodziwa kulankhula umasanduka nkhani ya mavuto ake, ndipo wolakwiridwa amayamba kuoneka ngati wouma mtima chifukwa chakuti akukumbukabe.

Wina anganene kuti bukuli ndi louma mtima, lopanda malo a kulapa. Ayi ndithu. Chakumapeto, pa phiri la Hua, Qiu Qianren, munthu amene manja ake anali odzaza magazi, amafunsa adani ake kuti ndani mwa iwo sanapheko munthu molakwa. Onse amachita manyazi kupatula Hong Qigong, mtsogoleri wa opemphapempha, amene amayankha kuti anapha anthu 231 ndipo aliyense anali wochita zoipa wotsimikizika. Mawu a mkuluyo amamulasa Qiu Qianren mumtima, ndipo amasiya njira yake n'kutsatira Yideng, mfumu yakale ya ku Dali imene inasiya mpando n'kudzipatula. Choncho Jin Yong ankadziwa kulemba za kulapa. Khomo linali lotsegula, ndipo munthu wamkulu msinkhu, wa milandu yochuluka, analowapo. Yang Kang anaitanidwa kangapo, ndi Guo Jing, ndi Mu Nianci, ndi mphunzitsi wake, koma nthawi iliyonse ankayeza phindu n'kubwerera. Phunziro la moyo wake ndi lakuti munthu akazolowera kunena kuti "mawa", tsiku lina mawalo silifika. Sewero limene limamupatsa kulapa kwa mphindi yomaliza limatitonthoza, koma limatichotsera chenjezo limenelo.

Ndiponso bukuli silinasiye mlandu wonse pamutu pa mnyamatayo. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Makolo a Yang Kang atafa, Qiu Chuji anavomera pamaso pa aphunzitsi a ku Jiangnan kuti wagonja pa mpikisano uja, ngakhale wophunzira wake anali waluso kuposa wawo, chifukwa khalidwe ndilo loyamba ndipo luso limabwera pambuyo. Pa chiliza cha Yang Kang analembapo mawu odzudzula wophunzirayo komanso odzitsutsa yekha monga mphunzitsi wolephera. Aliyense amene anaphunzitsapo mwana amadziwa kuwawa kwa mawu otere. Li Ping, mayi wosaphunzira, anauza mwana wake choonadi chowawa kuyambira ali wamng'ono. Bao Xiruo, mayi wachifundo amene sankatha kupha ngakhale nkhuku, anabisira mwana wake choonadi mpaka nthawi itatha. M'mera mpoyamba. Apa tikuona kuti bukuli limagawa mlandu mwachilungamo: akulu ali ndi gawo lawo, koma gawo la akulu silifafaniza la mwana amene wakula n'kuyamba kusankha yekha.

Chifundo cha Jin Yong chili pamalo ena, ndipo n'chozama kuposa cha sewero la 2008. Guo Jing atakumana ndi Mu Nianci ali ndi khanda la Yang Kang, amalipatsa dzina lakuti Yang Guo. Liwu lakuti Guo m'dzina limeneli limatanthauza cholakwa, ndipo dzina lake laulemu, Gaizhi, limatanthauza kuchikonza. Munthu amene anabayidwa ndi bambo wa mwanayo, amene aphunzitsi ake anaphedwa ndi bambo yemweyo, ndi amene akumupatsa mwanayo tsogolo. Sakunama kuti bamboyo anali wabwino, ndipo sakumusenzetsa mwanayo mlandu wa bambo ake. Pa dzina limeneli ndi pamene Jin Yong anamangapo buku lotsatira, The Return of the Condor Heroes. Bambo akayeretsedwa asanafe, dzina la mwana limatha mphamvu, chifukwa palibenso chotsala choti chikonzedwe.

Vuto la Yang Kang lili ndi mnzake, lomwe ndi vuto la Guo Jing. Kuonetsa munthu woipa wokopa n'kosavuta. Kuonetsa munthu wabwino popanda kumusandutsa chitsiru n'kovuta. Li Yapeng wa mu 2003 anadzudzulidwa ndi oonera ambiri kuti anachititsa Guo Jing kuoneka wopepera, pamene Felix Wong ndi Yang Xuwen amakumbukiridwa chifukwa choonetsa kuona mtima kopanda uchitsiru. Kusiyana kumeneku si kwakung'ono. Guo Jing wa m'buku ndi wochedwa kuphunzira koma si wochedwa kuzindikira chabwino. Mu 1220 asilikali a Genghis Khan analanda Samarkand, mzinda waukulu wa ufumu wa Khwarazm. Zimenezi ndi mbiri yeniyeni. M'nkhani yopekayi, Guo Jing ndi amene anathandiza kuti mzindawo ugwe, ndipo Khan anamulonjeza kuti apemphe chilichonse. Iye anali atakonzeka kupempha kuti amasulidwe ku ukwati wa Huazheng kuti akwatire Huang Rong. Koma ataona anthu wamba akuphedwa, anagwiritsa ntchito pempho lake limodzilo kupulumutsa otsalawo, anthu a mtundu wina, chinenero china ndi chipembedzo china, ndipo Huang Rong anamuchokera atakhumudwa. Bukuli limathera pa kukambirana kwake ndi Khan atatsala pang'ono kufa mu 1227, pamene amamuuza mosaopa kuti kuchuluka kwa ophedwa sikupanga munthu kukhala ngwazi. Sewero likamuonetsa munthu ameneyu ngati wopusa, kwinaku likukometsera Yang Kang, limaphunzitsa mwakachetechete kuti ubwino ndi wa anthu operewera nzeru.

Tikaika masewero asanuwa pa sikelo yathu, la 1983 limapambana pa kutentha kwa mtima, la 2003 pa kukula kwa dziko ndi mbiri, la 1994 ndi la 2017 pa kukhulupirika ku njira ya nkhani, ndipo la 2008 pa kulimba mtima kofunsa funso limene ena analizemba. Funso lake linali loyenera. Yankho lake ndi limene sitikugwirizana nalo. Yang Kang ndi woyenera kumumvera chisoni, ndipo sewero lililonse limene limatithandiza kumva kulemera kwa zaka 18 za bodza lachita bwino. Koma chisoni chathu chikhale cha munthu amene akanatha kubwerera koma sanabwerere. Chimenecho n'chowawa kuposa chisoni cha munthu wokankhidwa ndi tsoka, ndipo n'chimene chimatipindulitsa, chifukwa chimatikumbutsa mphambano zathu zomwe.

Tonsefe ndife ofotokoza nkhani. Timasimba za abale amene analakwa, za atsogoleri amene anapita, ndi za ife eni. Nthawi iliyonse timayesedwa kuchita zimene olemba sewero la 2008 anachita: kuwonjezera zifukwa, kuchepetsa ovulazidwa, ndi kupeka kulapa kumene sikunachitike. Guo Jing anasonyeza njira ina pamene ananyamula khanda la mdani wake. Cholakwacho anachitchula ndi dzina lake, ndipo mwanayo anamutsegulira khomo.